ZIMENE ZILI PANSI PA MTIMA

 Inu amene mukuvundula nsima kukhitchini, inu amene muli pa ulonda usiku uno, inu amene mwagona m'chipatala kawailesi kali pafupi ndi khutu, Mulungu akudalitseni nonse. Lero sindikuwa kwambiri ayi. Ndikufuna tikhale pansi tiphunzire, ndipo ndiyamba ndi kuulula cholakwa changa.

Zaka zapitazo, ndidakali mbusa wachinyamata, mumpingo mwathu munali mayi wina wofatsa kwambiri. Lamulungu lililonse ndikaitana odwala, mayiwo amabwera kutsogolo. Ndikawafunsa, yankho linali limodzi: "Abusa, mutu." Ndimawasanjika manja, ndimadzudzula, ndimathira mafuta. Sabata yotsatira abweranso: "Abusa, mutu uja." Kuchipatala anawayeza malungo, anawayeza kuthamanga kwa magazi, osapeza kanthu. Tsiku lina ndinatopa nawo, ndipo ndinanena pamaso pa mpingo wonse kuti, "Mayi, vuto lanu ndi chikhulupiriro chochepa." Abale anga, kuyambira tsiku limenelo mayiwo sanapondenso pa tchalitchi.

Patapita masabata angapo, mayi a kunyumba kwanga anapita kukawaona. Anawapeza akutongola chimanga pakhonde. Sanatsegule Baibulo, sanawafunse chifukwa chimene anasiyira kubwera. Anangokhala pamphasa n'kuyamba kutongola nawo. Lichero litadzaza kawiri, mayi aja anayamba kulankhula okha. Anati zaka 8 m'mbuyomo anabereka mtayo. Azimayi akuluakulu anatenga kamwanako n'kukakaika, iwo osakaona nkhope, ndipo anauzidwa kuti asalire, akalira sadzaberekanso. Ndiye sanalire. Anadzuka, anatunga madzi, anaphika, moyo unapitirira. Tsiku limenelo pakhonde paja ndi pamene analira maliro a mwana wawo koyamba. Sindikunamizani kuti mutu unatheratu tsiku lomwelo, koma unayamba kuchepa, ndipo patapita nthawi mayiwo anabwerera mumpingo.

Ine ndinafuula kwa miyezi, osafika pamene panali bala. Mayi a kunyumba anakhala chete masana amodzi, n'kufikapo. Zimene anachitazo, kuli anthu kunja uko amene anathera moyo wawo wonse akuzifufuza. Lero ndikufuna ndikuuzeni za magulu awiri a akatswiri a za maganizo a munthu. Gulu loyamba limafunsa kuti: kodi chabisika pansi pa mtima wa munthuyu n'chiyani? Njira yawo pa Chingerezi amaitcha psychodynamic. Gulu lachiwiri limafunsa kuti: kodi munthuyu akusowa chiyani kuti akule? Njira yawo amaitcha humanistic. Musaope mayinawo, tiwatafuna pang'onopang'ono.

MVUU YA MU SHIRE

Woyambitsa gulu loyamba ndi Sigmund Freud, dokotala wa mitsempha, Myuda, amene anabadwa mu 1856 ndipo anagwira ntchito yake mumzinda wa Vienna ku Austria. Anathawira ku London mu 1938 chifukwa cha ulamuliro wa Hitler, n'kumwalirira komweko mu 1939. M'masiku ake kunali odwala amene dzanja limauma, ena mawu amatsekeka, koma ukawayeza thupi lili bwinobwino. Mnzake wina, dokotala Josef Breuer, anali ndi wodwala wotere, mtsikana amene m'mabuku amatchedwa Anna O. Breuer anaona kuti mtsikanayo akafotokoza zowawa zimene anakumana nazo pamene amadwazika bambo ake, zizindikiro zina zimachepa. Mu 1895 awiriwa analemba buku la nkhani zoterezi, ndipo apa ndi pamene panayambira chithandizo chochiza munthu pomulola kulankhula.

Freud anati maganizo amene timawadziwa ndi kachigawo kakang'ono chabe. Inu amene munaonapo mvuu mu Shire mundimvetsa. Pamwamba pa madzi mumangoona timakutu, maso ndi mphuno, koma chinyama chenichenicho chili pansi, ndipo ndi chimene chimagubuduza bwato. Munthunso ali choncho. Pansi pamakhala mantha a paubwana, manyazi, mkwiyo, zilakolako ndi zisoni zimene mwini wakeyo sakuzidziwa n'komwe, koma ndi zimene zikumuyendetsa. Freud amati zapansizi zimatulukira m'maloto, m'mawu amene amangopulumuka pakamwa usanafune, ndiponso m'matenda a thupi opanda chifukwa chooneka.

Mu 1923 anafotokoza kuti mkati mwa munthu muli mbali zitatu zimene zimakokanakokana. Yoyamba anaitcha id. Iyi ili ngati khanda: ikufuna bere pompano, siidziwa mawa, siidziwa manyazi. Yachiwiri ndi superego. Awa ndi mawu a makolo, a aphunzitsi ndi a mudzi amene analowa mwa iwe uli mwana, ndipo tsopano amakuweruza ngakhale eni ake anamwalira kalekale. Yachitatu ndi ego, imene imaona mmene zinthu zilili kunjaku n'kumayesa kugwirizanitsa ziwiri zija. Freud anayerekeza ego ndi munthu wokwera hatchi: hatchi ndiye yamphamvu, wokwerayo amangoyesa kuiwongolera. Mwalandira malipiro, mwadutsa pa sitolo, kamtima kena kakuti gula foni ija lero lomwe. Kena kakuti ndiwe wopanda pake, bambo ako sanali wosakaza ngati iwe. Kachitatu kakuwerengera lendi ndi fizi ya ana. Nkhondo imeneyi mukuidziwa, si ya ku Vienna kokha.

MMENE TIMADZITCHINJIRIZIRA

Nkhondoyi ikakula munthu amada nkhawa, ndiye ego imapeza njira zodzitchinjirizira, mwini wake osadziwa. Mwana wake wa Freud, Anna Freud, analemba buku lonse la njira zimenezi mu 1936. Ndikutchulirani zinayi, ndipo pamene ndikutchula musayang'ane amuna anu kapena apongozi anu. Dziyang'aneni nokha.

Yoyamba ndi kukwirira. Chinthu chapweteka kwambiri, mtima umachikankhira pansi kuti usachionenso. Koma chokwiriridwa chamoyo sichigona. Vundikirani mphika wa nyemba uli pamoto, muona thovu likutulukira m'mbali. Mayi aja anakwirira maliro, maliro anatulukira kumutu.

Yachiwiri ndi kukana. Bambo akumwa mpaka ndalama ya feteleza yatha, koma akuti, "Ine ndimangolawa, tsiku lililonse nditha kusiya." Sakunamiza inu nokha, wayamba wadzinamiza yekha.

Yachitatu ndi kupachika zako pa mnzako. Akuluakulu anati anyani amasekana zikundu. Munthu amene mumtima mwake muli nsanje amaona aliyense ngati akumuchitira nsanje. Pitani mukawerenge 2 Samueli mutu 12. Mneneri Natani akufotokozera Mfumu Davide nkhani ya munthu wolemera amene analanda kankhosa ka mmphawi. Davide akupsa mtima, akugamula chilango choopsa, osazindikira kuti akuweruza chithunzi chake chomwe. Tchimo limene analephera kuliona mwa iye yekha, analiona msanga litavala nkhope ya wina.

Yachinayi ndi kuphwetsera mkwiyo pa wosalakwa. Iyi ndiye yanga. Ndisanalowe utumiki ndinali kalaliki pa ofesi ina, ndipo bwana wanga amakonda kundikalipira pamaso pa anzanga. Ine ndimangoti, "Chabwino bwana." Ndikafika kunyumba, mwana akangotaya madzi pang'ono, ndimabangula ngati mkango. Mwanayo amatuluka n'kukamenya galu. Mkwiyo unali wa bwana, koma unathera pa galu, chifukwa mkwiyo umatsetsereka ngati madzi, umafuna kumene kuli kotsika. Bambo amene mukundimvera, funsani mtima wanu: kodi mwana amene munamukalipira dzulo uja ndi amene anakulakwiranidi?

Palinso china chimene Freud anachiona mwa odwala ake. Amayamba kumuchitira iye ngati ndi bambo awo: ena kumuopa, ena kumukwiyira, ena kufunitsitsa kumusangalatsa. Munthu amasamutsa zimene anali nazo pa kholo lake n'kuziika pa wina amene ali ndi udindo. Abusa anzanga, tamverani apa. Nkhosa ina ikakukwiyirani popanda chifukwa, kapena ikakukakamirani mopitirira muyeso, mwina si inu amene ikukuonani. Ikuona bambo ake amene anaithawa ili yaing'ono. Mukadziwa zimenezi simubwezera, ndiponso simupezerapo mwayi.

Mundimvetse bwino. Sindikuti zonse zimene Freud ananena n'zoona. Anakokera zinthu zambiri ku nkhani ya kugonana, ndipo ngakhale anzake oyamba monga Carl Jung ndi Alfred Adler anasiyana naye. Zambiri mwa mfundo zake akatswiri a masiku ano amazikayikira. Komanso sankakhulupirira Mulungu, moti mu 1927 analemba buku lonena kuti chipembedzo n'chinthu chimene munthu amadzitonthoza nacho chabe. Koma mukudziwa amene anamuyankha? Mnzake wapamtima, Oskar Pfister, mbusa wa ku Zurich, amene analemberana naye makalata pafupifupi zaka 30. Mbusayu anatsutsa Freud pa za Mulungu, koma anatenga nzeru yake ya kumvetsera n'kumathandizira nayo nkhosa zake. Nsomba timadya mnofu, minga n'kuika pambali.

MBATATESI ZA M'CHIPINDA CHAMDIMA

Tsopano tiwoloke nyanja tipite ku America, kumene kunadzuka gulu lachiwiri. Awa anati: Freud waona mabala ndi nkhondo za munthu, koma munthu si mabala okhaokha. Mwa iye muli njala yofuna kukula, ndipo ali ndi ufulu wosankha lero, ngakhale dzulo lake linali loipa.

Mmodzi wa iwo ndi Abraham Maslow, wobadwira ku Brooklyn mu 1908. Mu 1943 analemba kuti zosowa za munthu zimabwera motsatana ngati makwerero. Pansi pali za thupi: chakudya, madzi, tulo. Kenako chitetezo: pogona, mtendere, kusaopa mawa. Kenako chikondi, kukhala ndi anthu ako. Kenako ulemu, kudziona kuti ndiwe kanthu. Pamwamba pake ndi kufika pa chimene unayenera kukhala, mphatso zako zonse zikugwira ntchito. Mfundo yake inali yakuti chosowa chapansi chikakula, chimatseka makutu ku zapamwamba. Si lamulo losasweka ayi, tonse tikudziwa anthu amene anagona ndi njala chifukwa cha ena. Koma mphunzitsi aliyense wa ku pulayimale angakuuzeni kuti mwana amene sanadye phala masamu salowa.

Taonani 1 Mafumu mutu 19. Eliya wathawa Yezebeli, wakhala pansi pa kamtengo m'chipululu, akupempha imfa. Mneneri wamkulu, wotsitsa moto, watopa ndi moyo! Mngelo atabwera sanamudzudzule. Anamupatsa mkate ndi madzi, n'kumusiya agone. Anabweranso kachiwiri, chakudya chomwecho. Kulankhulana kwenikweni kunachitika pambuyo pake ku phiri la Horebu, ndipo kumeneko Mulungu anayamba ndi funso, n'kumulola Eliya akhuthule zonse. Chakudya, tulo, kenako khutu. Ife timayambira ku chidzudzulo.

Wina ndi Carl Rogers, wobadwa mu 1902 ku Oak Park, pafupi ndi Chicago, m'banja lachikhristu la malamulo okhwima. Anayamba kuphunzira za ulimi, kenako anapita ku sukulu ya ubusa ya Union Theological Seminary ku New York, koma anasiya n'kulowa maphunziro a za maganizo. Ali mnyamata, kwawo amasunga mbatatesi m'chipinda cha pansi pa nyumba, chamdima, chokhala ndi kawindo kamodzi m'mwamba. Mbatatesi zija zimaphuka mphukira zoyera, zofooka, zazitali, zonse kulunjika ku kawindo kaja. Rogers anati anthu ambiri amene timawatcha opotoka ali ngati mphukira zimenezi. Akufunafuna kuwala, kungoti anaphukira pamalo oipa.

Pamene amagwira ntchito yothandiza ana ovuta mumzinda wa Rochester, Rogers anakumana ndi mayi wina amene mwana wake anali wosamva. Anayesetsa kuwaonetsa mayiwo pamene analakwitsa polera mwanayo, koma sizinaphule kanthu, mpaka anagwirizana zosiya. Mayiwo atafika pakhomo anatembenuka n'kufunsa ngati amathandizanso akuluakulu. Atakhalanso pansi anakhuthula za banja lawo limene linali pamoto, ndipo thandizo lenileni linayambira pamenepo. Rogers anaphunzira kuti mwini bala ndi amene amadziwa pamene pakupweteka. Ndikamawerenga nkhani imeneyi ndimakumbukira khonde lija ndi lichero la chimanga.

CHIKONDI CHA "UKATERE"

Rogers anati mwana aliyense amafuna kukondedwa, ndiye amaphunzira msanga mtengo wa chikondi cha panyumba pawo. Ndikukonda ukakhoza mayeso. Ndikukonda ukakhala chete. Ndikukonda ukapanda kulira. Mwanayo amayamba kudula mbali za moyo wake zimene sizikulandiridwa, n'kuvala nkhope imene ikugulika. Akakula mumapezeka anthu awiri mwa munthu mmodzi: amene ali weniweni, ndi amene akuganiza kuti ayenera kukhala. Mpata wa pakati pa awiriwa ukakula, mtendere umathawa.

Ine bambo anga amandimwetulira pokhapokha ndikakhala nambala wani m'kalasi. Ndikakhala nambala 3, nsima imadyedwa mwakachetechete. Ndinakula ndikukhulupirira kuti ndikalephera ndiye kuti sindine kanthu. Tsopano mwaona chifukwa chimene ndinawakalipira mayi a mutu aja? Kusachira kwawo kumandiuza kuti ndalephera, ndipo kamnyamata ka nambala 3 kaja sikanathe kupirira. Vuto silinali chikhulupiriro chawo. Linali bala langa. Apa Freud ndi Rogers akugwirana chanza: zimene sunazione mwa iwe, udzazilipiritsa ena.

Rogers sanangolota mfundo zake. Anali mmodzi mwa oyamba kujambula mawu a zokambirana zake ndi anthu ofuna thandizo, n'kumazimvetseranso kuti aone chimene chimathandizadi. Mu 1957 analemba zinthu zofunika kuti munthu asinthe, ndipo zitatu mwa izo zimakhudza wothandizayo.

Choyamba, khala weniweni. Usavale nkhope ya udindo. Munthu wosweka mtima amanunkhiza chinyengo patali.

Chachiwiri, mulandire munthuyo popanda "ukatere". Izi sizikutanthauza kuvomereza zonse zimene wachita. Zikutanthauza kuti mtengo wake ngati munthu sutsika chifukwa cha zimene wakuuza. Munthu sangatulutse mvuu yake pamaso pa amene wagwira kale mkondo.

Chachitatu, lowa m'moyo mwake uone mmene iye akuonera. Paja amati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Ndiye woloka! Mvetsera, kenako umubwezere zimene wamva: "Ngati ndakumvani bwino, mukuti kuyambira pamene amuna anu anachoka mumaopa usiku." Akati eya, mwawoloka. Akati ayi, mvetseraninso.

Atakalamba, Rogers anapita ku South Africa mu 1982 ndi mu 1986, nthawi ya tsankho, n'kukhazika akuda ndi azungu m'chipinda chimodzi kuti amvetserane. Anamwalira mu 1987. Nayenso sindigwirizana naye pa zonse. Anakhulupirira kwambiri kuti munthu akangolandiridwa amalunjika yekha ku zabwino. Mnzake wa gulu lomwelo, Rollo May, anamulembera kalata yapoyera mu 1982 yomuuza kuti akuchepetsa nkhani ya kuipa kumene kuli mwa munthu. Ife tikudziwa kuti uchimo ulipo ndipo munthu amasowa Mpulumutsi. Koma pa nkhani ya kumvetsera, bambo ameneyu akutichititsa manyazi ife a mpingo.

TICHITE CHIYANI TSONO?

Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 oyamba, pamene anangokhala naye pansi osalankhula. Zinthu zinasokonekera atatsegula pakamwa kuti amufotokozere chifukwa chimene akuvutikira. Ndiye sabata ino ndikukupatsani ntchito zitatu.

Yoyamba: mukapsa mtima mopitirira kukula kwa nkhani, imani kaye mudzifunse kuti, kodi mkwiyo uwu ndi wa ndani? Unayambira kuti?

Yachiwiri: muuzeni mwana wanu kuti mumamukonda pa tsiku limene sanakhoze kanthu. Amve kuti chikondi chanu si malipiro.

Yachitatu: wina akabwera ndi vuto, musathamangire kumupatsa vesi kapena kumuuza kuti ali ndi chiwanda. Mufunseni ngati wadya, ngati akugona tulo, kenako mutseke pakamwa panu kwa mphindi 10. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pemphero libwere, inde, koma libwere mutamva chimene mukupempherera. Ndipo zimene wakuuzani zisakhale nkhani ya ku mapemphero a amayi Lachinayi.

Ndimalize ndi chenjezo, ndipo apa ndikulankhula motsindika. Munthu akayamba kunena zofuna kudzipha, akasiya kudya ndi kugona kwa masiku, akayamba kumva mawu amene ena sakuwamva, musamutsekere m'nyumba kapena m'tchalitchi. Musamusiye yekha. Mupempherereni muli pa ulendo wopita naye ku chipatala chimene muli nacho pafupi. Ku Zomba kuli chipatala cha boma cha matenda a maganizo, ku Mzuzu kuli cha St John of God. Kupita kumeneko si kuchepa kwa chikhulupiriro, monganso kumanga bandeji pa bala si kukana Mulungu. Ndipo inu abambo amene munaphunzitsidwa kuti mwamuna salira, ndikukupemphani, pezani munthu mmodzi wokhulupirika mumuuze. Tatopa kuika m'manda amuna amene palibe anadziwa kuti akuvutika.

Mayi aja nditawapepesa anandiyankha kuti, "Abusa, mukanangondifunsa." Mawu amenewa ndimayenda nawo mpaka lero.

Tiyeni tipemphere. Atate, Inu mumaona pansi pa madzi, pamene ife sitiona. Pali wina akumvera usiku uno amene wasenza maliro osalira, manyazi osanena, mkwiyo wa zaka zambiri. Mutumizireni munthu wa khutu lodekha. Tikhululukireni ife amene tinavulaza ovulala kale ndi pakamwa pathu. Tiphunzitseni kukhala pamphasa ndi kudikira. M'dzina la Yesu Khristu, amen.

Mulungu akusungeni, okondedwa. Tidzakumanenso sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino.